Phuma ndi kusinkhasinkha: mmene mungaphunzirire kuugwira mtima usanakuthaweni

Uthenga uja ndinaulemba nditaimirira pakhomo, nsapato imodzi ili kuphazi, ina ili m'manja. Mnzanga wa kuntchito anali atandilembera mawu atatu okha, ine n'kumuyankha ndime zinayi. Pamene ndinkamanga zingwe za nsapato yachiwiriyo mtima unali utayamba kale kutsika, koma uthenga unali utawerengedwa. Zonsezo sizinakwane mphindi ziwiri. Kuti tiyambirenso kupatsana moni wochokera pansi pa mtima panapita miyezi.

Amene ali ndi phuma nkhaniyi akuidziwa. Kwa wina limatulukira pakamwa. Kwa wina lili m'thumba: malipiro alowa m'mawa, pofika madzulo atha ndi zinthu zimene dzulo sanaziganizirepo. Wina ndi kubetcha pafoni, wina ndi botolo lija ankati n'lomaliza, wina ndi ndudu. Zikatha, mawu amakhala omwewo: "Sindikudziwa chimene chinandilowa."

Masiku ano ukadandaula zotere sipalephera wokuuza kuti uyambe kusinkhasinkha. Ine ndakuyesa kwa zaka zingapo, ndipo yankho langa n'lakuti kumathandiza, koma pa kanthu kamodzi kakang'ono. Pakati pa kuwira kwa mtima ndi kudina batani lotumizira pali kamphindi. Munthu waphuma kamphindiko sakaona, amangozindikira zinthu zitachitika kale. Kusinkhasinkha kumakuphunzitsani kukaona, kenako kukatalikitsa pang'ono. Chilakolako chimabwerabe, mkwiyo umabwerabe. Kusiyana kwake n'kwakuti amakupezani muli maso.

Mawu akuti kusinkhasinkha akhoza kutisocheretsa. Tikati munthu akusinkhasinkha timaona wogwira kutsaya, akutembenuza nkhani imodzi m'mutu mpaka usiku. Kwa munthu wankhawa, kumeneko n'kuthira mafuta pamoto. Kumene ndikunena pano ndi kuja pa Chingerezi amati mindfulness: kutchera khutu ku zimene zikuchitika m'thupi ndi m'maganizo panthawi yomweyo, osazithamangitsa komanso osazitsatira. Gwero lake ndi ziphunzitso za Chibuda, koma m'zipatala anakulowetsa ndi Jon Kabat-Zinn, amene mu 1979 anayambitsa maphunziro a masabata 8 otchedwa MBSR pa sukulu ya zachipatala ya University of Massachusetts, zachipembedzo atazichotsamo. Zimene ndilembe m'munsimu sizifuna kuti musinthe chikhulupiriro chanu.

Zimene ofufuza apeza, mosakometsera

Ndiyambe ndi zosakoma, poti otsatsa mapulogalamu a pafoni sangakuuzeni. Mu 2019 ofufuza a pa University of Wisconsin-Madison anayeza phuma lenilenilo. Anatenga anthu athanzi amene anali asanasinkhesinkhepo, ena n'kuwaphunzitsa MBSR kwa masabata 8, ena maphunziro ena a zaumoyo, ena n'kuwasiya akudikira. Pomaliza, pa nkhani ya phuma magulu atatuwo sanasiyane mooneka. Mu 2022 a pa yunivesite yomweyo anaunika ubongo wa anthu oposa 200 ndipo sanapeze kuti masabata 8 amenewa asintha kapangidwe kake, ngakhale mbiri yoti kusinkhasinkha kumakulitsa ubongo inali itawanda kale. Chaka chomwecho ku Britain kunatuluka zotsatira za kafukufuku wotchedwa MYRIAD, wa ana asukulu oposa 8,000: amene anaphunzitsidwa kusinkhasinkha m'kalasi sanapose anzawo pa thanzi la maganizo, ndipo ambiri akafika kunyumba sankachita n'komwe. Chikomekome cha mkuyu.

Pa nkhawa ndi kuvutika maganizo nkhani ili bwinoko. Mu 2014 gulu la pa Johns Hopkins University, lotsogoleredwa ndi Madhav Goyal, linasonkhanitsa kafukufuku 47 wa anthu 3,515. Linapeza kuti nkhawa, kuvutika maganizo ndi ululu zimachepadi, ngakhale osati kwambiri, ndipo panalibe umboni woti kusinkhasinkha kumaposa mankhwala kapena masewera olimbitsa thupi. Mu 2022 Elizabeth Hoge wa pa Georgetown University ndi anzake anayerekeza MBSR ndi mankhwala a escitalopram pa anthu 276 odwala matenda a nkhawa, ndipo patatha masabata 8 magulu awiriwo anali atapezako bwino mofanana. Koma taonani mtengo wake: anthuwo ankakumana ndi mphunzitsi maola awiri ndi theka pa sabata, n'kumachitanso okha mphindi 45 tsiku lililonse. Si nkhani ya mphindi zitatu uli chigonere. Kwa amene matenda ovutika maganizo amawabwererabwerera, kafukufuku wa ku Britain wa mu 2015 wa anthu 424 anapeza kuti m'zaka ziwiri matendawo anabwerera kwa anthu 44 pa 100 alionse amene anaphunzira njira yotchedwa MBCT, yophatikiza kusinkhasinkha ndi uphungu wa zamaganizo, n'kumachepetsa kapena kusiya mankhwala awo, ndi kwa 47 pa 100 alionse amene anapitiriza kumwa mankhwala.

Tsono pali mbali yachitatu, imene ine ndimaiona kuti ndiyo yathu. Kusinkhasinkha kukalunjikitsidwa pa chilakolako chimodzi chodziwika, zinthu zimaonekako. Mu 2014 Sarah Bowen ndi anzake anatsatira anthu 286 amene anali atamaliza chithandizo chosiyira mowa ndi mankhwala osokoneza bongo. Patatha chaka, amene anaphunzira kukumana ndi chibaba chawo mosinkhasinkha anali ndi masiku ochepa ogwiritsa ntchito mankhwalawo ndiponso omwa mwauchidakwa poyerekeza ndi amene analandira maphunziro a nthawi zonse opewera kubwerera. Nayenso Marsha Linehan, amene anakonza chithandizo cha DBT cha anthu amene mtima umawaphulikira mpaka kudzivulaza, anaika luso lomweli pakati penipeni pa maphunziro ake, koma analiphatikiza ndi maluso ena ambiri.

Mmene ine ndimazimvera: kukhala phee m'mawa uliwonse n'kumayembekezera kuti phuma lisungunuka lokha n'kudzinamiza. Luso liyenera kutengedwa n'kukaikidwa pamalo penipeni pamene mumagwera. Malangizo otsatirawa ndawakonza motero.

Sabata yoyamba musasinkhesinkhe n'komwe

Pezani kope laling'ono ndipo sankhani phuma limodzi lokha. Kunena kuti "ndikufuna kukhala munthu wodekha" n'kotakata kwambiri, simungadziwe ngati mukupita patsogolo. Nenani kuti "ndimayankha mauthenga ndili wokwiya," kapena "ndimabetcha ndikangolandira ndalama," kapena "ndimakalipira ana ndikangolowa m'nyumba kuchokera kuntchito."

Nthawi iliyonse zikachitika, kapena zikatsala pang'ono kuchitika, lembani zinthu zinayi: inali nthawi yanji, munali pati ndiponso ndi ndani, chinayambitsa n'chiyani, ndipo m'thupi munamva chiyani. Mizere iwiri yakwana. Zodziimba mlandu musalembemo, kopeli si bwalo la milandu.

Phuma si chinthu chimodzi. Mu 2001 Stephen Whiteside ndi Donald Lynam analigawa panayi: kuthamangira kuchita chinthu chifukwa mtima wawawa, kusaganizira zotsatira, kulephera kupirira pa ntchito yotopetsa, ndi kufunafuna zinthu zoutsa magazi. Kope lanu likuonetsani kuti lanu ndi liti. Njira ino imagwira kwambiri pa loyambalo, lija limabwera ndi mtima wotentha.

Langa linandidabwitsa. Ndinkadziyesa munthu wamtima wapachala nthawi zonse, koma mizere yambiri inali ya madzulo, ndili ndi njala, dzulo lake nditagona mochedwa. Ngati kope lanu likunena zomwezo, yambani n'kugona. Palibe kusinkhasinkha kumene kungalowe m'malo mwa tulo.

Kukhala pansi

Kuyambira sabata yachiwiri, patulani mphindi zisanu tsiku lililonse, nthawi yofanana. Zimangirireni ku chinthu chimene mumachita kale, monga mukangotsuka mkamwa m'mawa, kuti musamadalire kukumbukira. Tcherani alamu, foni muiike patali moti simungaifikire mutakhala.

Khalani pampando wamba, mapazi onse awiri ali pansi, msana wowongoka koma wosauma, manja pamiyendo. Kupinda miyendo pansi sikofunika. Kugona chagada ndiye ayi, mudzangodzuka alamu ikulira. Maso mutseke, kapena muyang'ane pansi patsogolo panu.

Pezani pamene mpweya ukumveka bwino: m'mphuno pamene ukulowa wozizira n'kutuluka wofunda, pachifuwa, kapena pamimba pamene pakukwera n'kutsika. Sankhani pamodzi n'kukhazikika pomwepo. Mpweyawo musauwongolere, musaukoke kwambiri. Thupi lakhala likupuma lokha chibadwireni, inu ntchito yanu n'kuonerera. Mukatulutsa mpweya werengani chamumtima kuti wani kapena chimodzi, mmene mwazolowerera, mpaka pa 10, kenako yambiraninso.

Simufika pa 10. Mwina pa 3 mudzapezeka muli pa ngongole ija, kapena mukukonza mawu amene mukanamuyankha uje chaka chatha. Apa ndi pamene ambiri amasiyira, amvekere: "Ine mutu wanga sukhala chete, zimenezi si zanga." Mutu wa aliyense sukhala chete. Mu 2010 Matthew Killingsworth ndi Daniel Gilbert a pa Harvard anafunsa anthu 2,250 kudzera pafoni zawo, nthawi zosiyanasiyana za tsiku, ndipo anapeza kuti pafupifupi theka la nthawi maganizo awo sanali pa zimene ankachita.

Mvetsetsani bwino pano, chifukwa nkhani yonse yagona apa. Kamphindi kamene mwazindikira kuti "aa, ndachoka," ndiko kusinkhasinkhako. Maganizo akathawa maulendo 30 m'mphindi zisanu, inu n'kuzindikira maulendo 30, ndiye kuti mwayeserera maulendo 30. Kuzindikira komweko ndi kumene mudzakufune chala chili pamwamba pa batani lotumizira: kudzidzimuka muli m'katikati mwa chinthu chimene simunasankhe kuchiyamba. Choncho mukazindikira, musadzikalipire. Bwezani maganizo mmene mumabwezera mwana wongoyamba kuyenda akalowera kumene sikuli bwino. Mumam'tembenuza mofatsa, iye n'kupitanso, inu n'kum'tembenuzanso. Yambiraninso kuwerenga pa 1.

Ena akatchera khutu ku mpweya amamva ngati akubanika, mtima n'kuyamba kuthamanga. Ngati ndinu mmodzi wa iwo musalimbane nazo. Tsegulani maso, ndipo m'malo mwa mpweya mverani mapazi anu pamene akhudza pansi, kapena phokoso lililonse limene likumveka panja. Luso lake ndi lomwelo.

Mukatha sabata muli pa mphindi zisanu, kwerani pa 10. Mukafuna, pakatha mwezi fikani pa 20. Koma mphindi 10 za tsiku lililonse n'zabwino kuposa ola lathunthu la kamodzi pa sabata. Ndipo musayembekezere kumva kukoma. Masiku ambiri kumakhala kotopetsa basi, ndipo kwa munthu waphuma kukhala ndi kutopako osadzuka ndi phunziro kale.

Kudziwa pamene phuma limayambira m'thupi

Mkwiyo ndi chibaba zimafika m'thupi zisanafike m'mawu. Sabata yachitatu, mphindi zitatu zomaliza za kukhala kwanu muziyendera thupi pang'onopang'ono, kuyambira kumapazi mpaka kumutu: miyendo, mimba, chifuwa, manja, mapewa, khosi, nsagwada, chipumi. Paliponse imani kwa mapumidwe awiri kapena atatu n'kumva zimene zilipo, kaya n'kutentha, kukokana, kulemera, kaya palibe kanthu.

Kenako tsegulani kope lija pa mzere wachinayi. Aliyense ali ndi chizindikiro chake. Wina makutu amatentha, wina m'mimba mumakhala ngati mwamangidwa mfundo, wina m'manja mumatuluka thukuta, wina miyendo siikhazikika. Changa ndi nsagwada. Mano akangogundana ndimadziwa kuti zinthu zili panjira, nthawi zina ndisanadziwe n'komwe kuti ndakwiya ndi chiyani.

Mukachimva chizindikirocho, chitchuleni dzina chamumtima ndi mawu amodzi kapena awiri: "mkwiyo," "manyazi," "chibaba," "mantha." Zikuoneka zachibwana, koma mu 2007 Matthew Lieberman ndi anzake a pa UCLA anaona pamakina ounikira ubongo kuti munthu akatchula dzina la mmene nkhope yokwiya kapena yamantha ikuonekera, kachigawo ka ubongo kochenjeza za ngozi, kotchedwa amygdala, kamachepetsako phokoso. Kanenedwe kakenso n'kofunika. "Mkwiyo wabwera" ndi "ndakwiya" sizimveka chimodzimodzi m'mtima. Koyambako kumakukumbutsani kuti chimene chabwera chimapitanso.

Kudikira funde lidutse

Ili ndiye luso lalikulu, ndipo analitchukitsa ndi Alan Marlatt wa pa University of Washington, amene anagwira ntchito zaka zambiri ndi anthu olimbana ndi mowa. Iye ankayerekeza chilakolako ndi funde la panyanja: limayamba laling'ono, limakwera, limafika pachimake, kenako limasweka. Munthu waphuma sadziwa kuti limasweka, chifukwa nthawi zonse amalimvera likadali kukwera. Mumtima mwake amakhulupirira kuti akapanda kuchitapo kanthu aphulika. Chikhulupiriro chimenecho sichichoka ndi kuuzidwa. Chimachoka mukaona ndi maso anu funde likutsika inu musanachite kalikonse.

Musayambire pa funde lalikulu. Yambirani pa kuyabwa. Mukakhala pansi m'mawa, posakhalitsa penapake payabwa, mwina pamphuno kapena pamsana. Musakande. Siyani kuwerenga mpweya, maganizo onse apite pamene pakuyabwapo. M'pakukula bwanji? Pakubaya kapena pakunyerenyetsa? Dzanja likufuna kunyamuka, limveni likufuna. Pumani maulendo 10 mukuonerera. Kawirikawiri kuyabwako kumakula kaye ngati kukupsa mtima kuti mwakunyalanyaza, kenako kumasintha, kumasuntha, kapena kumangozimirira. Kukapitirira, kandani, koma pang'onopang'ono, mukudziwa kuti mwasankha.

Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo apa mwambiwu ndi malangizo enieni. Mukazolowera kuyabwa, pitani pa foni. Uthenga ukalira, pumani katatu musanaigwire, mukumva mmene dzanja likukokera. Chitani zimenezi sabata yathunthu.

Tsono funde lenileni likabwera, lija munalemba m'kope, chitani motere. Choyamba imitsani thupi: foni pansi, manja pamiyendo kapena m'matumba, pakamwa potseka. Tchulani dzina. Pezani pamene likumveka m'thupi ndipo muliyeze kuti pa 10 lili pa ngati. Pumani, kutulutsa mpweya kukhale kotalikirapo kuposa kukoka, chifukwa potulutsa mpweya mtima umachepetsa liwiro. Pakapita mphindi imodzi liyezeninso. Mwina lakwera kuchoka pa 7 kufika pa 9. Palibe cholakwika, funde limatero. Maganizo adzabwera ndi zifukwa zomveka kwambiri: "kamodzi kokha," "akapanda kuuzidwa lero azolowera," "ndalama ija ndiibweza pa masewera otsatirawa." Musakangane nawo, amenewo ndi maloya ochenjera. Ingonenani kuti "ganizo," n'kubwerera ku nsagwada, kuchifuwa, kumimba. Pitirizani kuyeza mpaka nambala itatsika ndi ziwiri kapena zitatu. Mukatero sankhani chochita.

Chimodzi choti mupewe: musayese kuliletsa ganizolo kuti lisabwere. Mu 1987 Daniel Wegner anauza anthu kuti asaganizire za chimbalangondo choyera, ndipo chimbalangondocho chinkangobwerabe m'mutu, pambuyo pake n'kubwera kwambiri kuposa mwa amene sanaletsedwe. Ganizo lolikankha limabwerera ndi mphamvu. Lisiyeni likhale, inu musalitumikire.

Nthawi yoyamba imene ndinadikira mpaka funde kusweka ndinali m'khitchini, foni nditaiika chafufumimba pathebulo. Ndinayeza 8, kenako 9. Khosi linauma, nsagwada zinkawawa, ndipo ndinali ndi chiganizo chimodzi chakuthwa bwino chimene ndinkachiona kuti n'chachisoni kuchitaya. Nditayang'ana wotchi panali patadutsa mphindi 6 zokha, ndipo ndinali pa 5. Ndinayankhabe uthengawo mawa lake, ndipo ndinanena zimene zinandipweteka. Kudekha sikutanthauza kumeza chilichonse. Koma chiganizo chakuthwa chija sindinachilembe.

Mangani mpanda, musadalire mtima wokha

Masiku amene mwatopa, mwamwa, kapena simunagone, luso lonseli limathawa. N'chifukwa chake pamafunika zinthu ziwiri zothandizira.

Choyamba ndi kukonzeratu. Peter Gollwitzer, katswiri wa zamaganizo wa ku Germany, anaonetsa kuti anthu amakwanitsa bwino zolinga zawo akaziika m'mawu akuti "zikatere, ndidzatere." Lembani chiganizo chimodzi patsamba loyamba la kope: "Nsagwada zikangouma ndili ndi foni m'manja, ndiiika pansi n'kupuma maulendo 10." Kapena: "Ndikafika pakhomo kuchokera kuntchito, ndiima kaye n'kupuma kasanu ndisanatsegule chitseko." Chinenereni mokweza m'mawa uliwonse mukamaliza kukhala pansi.

Chachiwiri ndi kutalikitsa njira. Chotsani pulogalamu yobetchera pafoni. Fufutani nambala ya khadi la kubanki pa masamba ogulira zinthu pa intaneti, kuti pogula muzichita kudzuka n'kukalitenga. Chinthu chimene simunakonzekere kugula chidikire maola 24. Uthenga waukali ulembeni papepala kaye, pamene palibe batani. Ngati mkangano wafika poipa, uzani mnzanuyo kuti "ndibweranso pakatha mphindi 20, tipitirize," ndipo mubweredi. Ena amaona ngati kumanga mpanda n'kuvomereza kufooka. Ine ndimati mpandawo ndi umene umakugulirani mphindi zoti luso lanu lifike.

Funde likakhala lalikulu moti simungathe n'komwe kuliyang'ana, gwiritsani ntchito thupi. Mu DBT amaphunzitsa kuviika nkhope m'madzi ozizira kwambiri kwa masekondi ochepa mutagwira mpweya, zimene zimachititsa mtima kuchepetsa kugunda. Amene ali ndi vuto la mtima asachite zimenezi asanafunse dokotala. Kuyenda mwandawala kwa mphindi 10 nakonso kumathandiza.

Tsiku lina mudzagwa ndithu. Mukagwa lembani mizere iwiri ija monga mwa nthawi zonse, n'kuwonjezera funso limodzi: chizindikiro choyamba ndinachimva pati? Pepesani kwa amene mwamulakwira, mawa lake khalaninso pampando. Choopsa si kugwako koma mawu aja akuti "basi zawonongeka kale," amene amasandutsa botolo limodzi kukhala sabata yathunthu.

Pamene muyenera kusiya, ndi pamene pakufunika dokotala

Kusinkhasinkha si kopanda ngozi. Mu 2020 Miguel Farias ndi anzake anaunika kafukufuku wa zaka zambiri n'kupeza kuti pafupifupi anthu 8 pa 100 alionse anakumanapo ndi zovuta, makamaka nkhawa ndi kukhumudwa. Willoughby Britton wa pa Brown University wakhala akulemba za anthu amene anayamba kudzimva ngati thupi si lawo, kusowa tulo, kapena kuona zoopsa zakale zikubwerera ngati zikuchitika lero. Ngati munagwiriridwapo, kumenyedwa, kapena kuona imfa yoopsa, yambani ndi mphindi ziwiri kapena zitatu maso ali otsegula, ndipo ndi bwino kuchita ndi mlangizi wa zamaganizo. Mukaona kuti masiku angapo otsatizana mukudzuka pampando muli woipirapo, siyani. Si mpikisano. Ndipo wongoyamba kumene asathamangire misonkhano ya kusinkhasinkha imene anthu amakhala chete masiku 10.

Phuma lina ndi chizindikiro cha matenda, ndipo kupuma mpweya sikungalichize. Ngati kuyambira muli mwana mwakhala wosakhazikika, woiwalaiwala, wodula anzanu mawu, kayezetseni ADHD, imene ili ndi chithandizo chake. Ngati pamakhala masiku angapo amene mumagona maola awiri kapena atatu osamva kutopa, mukulankhula mothamanga, kumwaza ndalama n'kumadziona ngati palibe chingakukanikeni, amenewo akhoza kukhala matenda a bipolar, ndipo akufunika dokotala mwamsanga. Ngati phuma layamba mwadzidzidzi mwa munthu amene sanali wotero, makamaka atavulala m'mutu kapena atayamba mankhwala atsopano, nenani kuchipatala. Mankhwala ena a matenda a Parkinson, aja onjenjemeretsa thupi, monga pramipexole ndi ropinirole, amadziwika kuti amayambitsa juga ndi kugula mosadziletsa, ndipo mu 2016 bungwe la FDA, loyang'anira mankhwala ku United States, linachenjeza zofananazo pa aripiprazole, mankhwala a matenda a maganizo.

Ngati mukumwa mankhwala a nkhawa kapena a kuvutika maganizo, musawasiye chifukwa mwayamba kusinkhasinkha. Anthu 424 aja amene ena anachepetsa mankhwala ankayang'aniridwa ndi madokotala awo. Amene wakhala akumwa mowa wambiri tsiku lililonse asausiye mwadzidzidzi payekha, chifukwa thupi likhoza kunjenjemera mpaka kugwa ngati wakhunyu. Ndipo ngati chimene chikukukokani ndi kudzivulaza kapena kudzipha, limenelo si funde loti mulidikire muli nokha m'chipinda. Uzani munthu amene mumamukhulupirira lero lomwe, mupatseni asunge mankhwala kapena china chilichonse chimene mwaganiza kugwiritsa ntchito, ndipo pitani naye kuchipatala.

Pakatha masabata 8

Tsegulani kope, muwerenge mizere ya sabata yoyamba ndi ya sabata yomaliza. Musadzifunse ngati mukumva mtendere, funso limenelo limanyenga. Werengani zinthu zitatu: phuma lija lachitika kangati pa sabata, ndi kangati pamene munalizindikira lisanachitike, ndipo zikachitika mumatenga nthawi yaitali bwanji kuti mubwerere m'malo. Kawirikawiri chimayamba kusintha ndi chachiwiricho. Poyamba mumazindikira mawa lake, kenako uthenga utangopita, kenako muli pakati polemba. Funsaninso munthu amene mumakhala naye, chifukwa iye amaona zimene inu simuona, ndipo mukonzekere kumva yankho lililonse.

Ngati manambala akuonetsa kuti zinthu zikuyenda bwino, pitirizani ndi mphindi zanu 10, ndipo mukhoza kutsegula tsamba latsopano la phuma lachiwiri. Ngati mwachita mokhulupirika masiku ambiri koma palibe chasuntha, musawonjezere mphindi. Tengani kopelo mupite nalo kwa dokotala kapena mlangizi wa zamaganizo, mum'funse za chithandizo cha CBT, chophunzitsa kusintha kaganizidwe ndi kachitidwe, kapena cha DBT. Akakufunsani kuti vutoli limachitika liti ndiponso limayamba bwanji, mutsegulireni tsamba loyamba.